Amayi Anapalira Pakhomo pa Nsomba

Bambo atamwalira tinawatenga amayi kudzakhala nafe ku Kawale, koma manja awo anakhala ngati atsalira ku Dedza. Tsiku lonse pampando, maso kunjira. Kumudzi akanakakhala okha, ndi matenda awo othamanga magazi aja, ndipo ine zimenezo zinkandiopsa. Koma m'mawa uliwonse funso linali lomwelo: "Undikweza liti minibasi?"

Pabalaza ndinali ndi thanki yagalasi ya tinsomba tofiira. Ine ndine uja wowerenga chilichonse, ngakhale pepala lokulungira mandasi, ndipo m'magazini ina yakutha ndinaona thanki yomwe kutsogolo kwake kunayala kaudzu kam'madzi, kakafupi ngati kapinga. Ndinakasaka mpaka ndinakapeza. Ndinkadzala ndi kachitsulo kozulira nsidze ka akazi anga, ndikudzimva ukatswiri. Miyezi inatha kaudzuko kali apa tsinde, apo tsinde, ngati ndevu zanga.

Tsiku lina pochokera kuntchito ndinapeza mchenga uli mbee, wosalazidwa bwino, kaudzu konse kali mulu m'mbale.

"Amayi, kwachitikanji?"

"Ndapalira. Pakhomo pa nsombazi panali tchire. Alendo aziti m'nyumba muno mulibe munthu wamkazi?"

Mtima unandipweteka ndithu. Koma ndinaona mkono wa bulauzi yawo utapindidwa mpaka m'chigongono, madzi akudontha, iwo ataimirira nji, koyamba chibwerere. Ndinawafotokozera mofatsa kuti udzuwo n'ngodzala, n'kutchula ndi dzina lake lachilatini lomwe, limene mwina ndinalithyola msana.

"Wodzala? Wodzala iweyo?" Anatola tsinde limodzi n'kuliyang'anitsitsa. "N'chifukwa chake. Unakwirira ndi khosi lomwe, chitsa chonse pamodzi. Mbande amagawa, mwanawe. Chotsa kachitsulo kakoko."

Anaugawa tizidutswa ting'onoting'ono n'kuwokera ndi zala, motalikanitsa, monga ankachitira ndi anyezi kudimba. Kuyambira pamenepo nyale ya thanki ankayatsa ndi iwo, ndipo kansomba kakafukula mizu kankakalipiridwa ngati nkhuku ya eni.

Udzu utayamba kuyanga, akazi anga anawafunsa mosamala za ulendo wobwerera ku Dedza uja.

"Ndipita, koma osati pano," anatero amayi osacheuka. "Ndikamusiyira mwamuna wakoyu, aupha."

Mpaka lero ali nafe. Kapinga anadzaza kutsogolo konse, wobiriwira, ndipo amamumeta okha ndi sizasi. Ine pathankipo amandilola kupukuta galasi basi.