Miyezi Yanga ya ku Chelstone

Ndinali Fomu 3, wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, pamene anesi anabwela pasukulu kudzatikanikiza pamimba, mmodzimmodzi kuseli kwa katani. Tinapezeka atatu ndi mimba. Masiku amenewo panalibe zokambilana. Ahedi anandipatsa kalata yondichotsa sukulu, ndipo ndinayenda wapansi kubwelela kwathu ku Kabwata.

Atate anali kalaliki wa boma ku Longacres, komanso mkulu wa mpingo. Sanandimenye, anangoleka kundilankhula. Mwini mimbayo, bambo wokwatila wa ku Woodlands amene ankandinyamula pa galimoto ya kunchito kwake, anati sandidziwa. Sabata isanathe amai anandikweza basi kupita kwa azakhali, mlongo wa atate, ku Chelstone, kuti aneba asaone.

Kumeneko ndinazima. Kulila sindinkalila. Ndinkangogona choyang'ana kukhoma, osasamba, tsitsi litapotana, chakudya n'kumazilala pambali. Mwana akagunda m'mimba sindinkamva kanthu, ndipo zimenezo zinkandiopsa. Masiku ena ndinkalakalaka nditangosowa. Alendo ankati ndi ulesi, ena manyazi. Dzina la matendawa ndinalimva nditakula kale.

Loweluka lina kunabwela amai anayi a chigwilizano cha kumpingo kwathu, atavala zoyela. Anandikhazika pamphasa n'kundiuza kuti ndikaimilile kutsogolo kwa mpingo kuulula tchimo langa, kenako anditumize kumudzi ku Katete, kumene kunali bambo wofedwa wofuna mkazi. Panali patapita milungu ndisanatulutse mau omveka. Ndinangodzimva ndikuti:

"Amai, ndidzaimilila tsiku limene amene anandipatsa mimba adzaimilile pambali panga. Ndekha, ai."

Amai aja anati mwanayu alibe mwambo. Azakhali, amene anali atakhala pakhomo, anaimilila n'kunena kuti tiyi watha, alendo angaphonye basi.

M'mawa mwake azakhali anandidzutsa, kundisambitsa okha ngati khanda, n'kundimanga chitenge chawo. Anati pamsika pafunika munthu wosunga malo pamzele wa saladi, popeza nthawi imeneyo mafuta ophikila ndi sopo zinkasowa. Ndinakana. Anandigwila dzanja.

"Mayo, mimba si malilo. Amene afuna kuona aone."

Ndinaima pamzele mimba ili patsogolo, anthu akunong'onezana. Koma ndinabwelako ndi botolo la saladi. Sindinachile tsiku limenelo. Panali masiku ena amene ndinkabwelela pabedi, ndipo azakhali ankasiya tomato wawo wogulitsa pamsika kwa anzawo n'kudzakhala nane, akusankha kapenta osalankhula. Kukiliniki azakhali anakana kuti ndizikhala kumbuyo kwa anthu. Mzamba wina atandinyoza, anamufunsa ngati iye anabadwa wopanda tate.

Mwana wanga wamkazi anabadwa mvula itayamba. Kumukonda kunanditengela nthawi, ndipo sindibisa. Atayamba kukhala pansi, ndinakalembetsa sukulu yamadzulo. Mlembi wa pamenepo anati malo ndi a anthu aakulu ogwila nchito. Ndinabwelelako masiku atatu otsatizana, mwana kumbuyo, mpaka anatopa nane n'kundilemba.

Mayeso a Fomu 5 ndinakhoza, kenako ndinaphunzila kutaipa. Nchito yanga yoyamba ndinaipeza mutauni, pa ofesi ya mabasi. Ku Katete ndinakafikako patapita zaka zambili, pa tchuthi, ndipo tikiti ndinagula ndekha.