Mphika Umene Ndinauboola pa Maliro a Amalume

Ndinadzuka tambala asanalire, chifukwa cha kuzizira, osati chisoni. Unali mwezi wa Juni ndipo chifunga cha ku Tsangano chinali chitameza ngakhale nkhokwe. Azibambo amene anachezera pa siwa anali atagona chokhala mozungulira zikuni zofuka. Usiku wonse anaimba chapansipansi, poti chaka chimenecho nyimbo inkaitana anthu a mfuti.

M'nyumba munagona amalume, mlongo wawo wa amayi. Lole imene anakwera pochokera ku Furankungo inaponda bomba lokwirira. Nkhondo isanakule ankagwira ntchito mu laboratoriyo ina ya ku Beira, kudyetsa makoswe zitsulo n'kumaona zimene zikuchitika mu ubongo wawo. Zimene analemba zinawerengedwa ndi madotolo akunja, ndipo makalata awo othokoza anadzaza katoni. Kwathu kuno ankangotchedwa Woyang'ana M'kamwa.

Akakumana nawe ankapukuta chala pa malaya, n'kukukweza mlomo. Akaona mzere wakuda pa nkhama ankati ndi mtovu, umene iwo ankautcha shumbu. Ine anandipeza nawo ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Malemu bambo ankamata miphika ndi mtovu wa m'mabatire a malole otenthedwa, ine ndikuuzira moto. Amalume anandiuza mosabisa kuti ndi umenewo wandiwononga mutu, ndipo sudzabwereranso. Sukulu ndinaisiya mu kalasi ya kwarta, yachinayi, nditabwereza katatu. Sindinawakhululukire. Bola aphunzitsi ankangonditcha mbuli.

Kutacha anthu anayamba kufika, osati pa msewu koma m'tinjira ta m'minda. Ena anachokera ku Ntengo-Wambalame, miyendo itanyowa ndi mame. Namwino wina anabisa diresi lake loyera m'kati mwa nsalu ziwiri.

Kuseri kwa nyumba azimayi anasonkha moto, ndipo pa mafuwa panakhala mphika uja, chimphika chachitsulo chokhala ndi zigamba zisanu za bambo kunsi kwake. Miphika ina ikuluikulu inapita ndi anthu a mfuti, uwu anausiya poona kunyansa. Maliro alionse m'mudzi ankaphikira momwemo, ndipo chaka chimenecho mlungu sunkatha popanda maliro. Amalume anachonderera kuti utayidwe, anakalipa, anajambula ubongo pa dothi ndi kamtengo. Tsiku limeneli nyemba za pa maliro awo zinali kuwira momwemo. Mlongo wanga ndiye ankavundula n'kumalawa, khanda la miyezi isanu lili kumbuyo.

"Azakhali, mphika womwewu?" ndinafunsa azakhali, amene ankayang'anira zophika.

"Ukufuna adzukulu adye dothi? Anaumata ndi bambo ako. Choka apa iwe."

Adzukulu atabwerako kokumba manda anadya. Tonse tinadya. Nanenso ndinadya, ndinali ndi njala.

Bokosi linali la zitseko ziwiri. Tinanyamuka chifunga chisanathe, moti akutsogolo sankaoneka. Anthu ataiwala mantha n'kukweza nyimbo, ndinapezeka ndikuwayang'ana m'kamwa. Sindinafune, maso ankangopita okha. Mkulu wa mpingo anali ndi mzere. Mtsikana woyambitsa nyimbo anali nawo. Awiri mwa onyamula bokosi anali nawo. Ndinamva ngati chala chozizira chikundikweza mlomo, ndinacheuka, panalibe munthu.

Atakwirira, amayi anapereka mbale ndi kapu ya amalume monga mwa mwambo. Adzukulu anaziboola n'kuziika pa mtumbira. Chinthu chikaikidwa pamenepo palibe amachitolanso, ngakhale mbala. Ndinaima n'kuyang'ana kapu yobookayo, kenaka ndinathamangira kumudzi.

Ndinatenga mphika uja n'kukhuthula nyemba zotsala pa phulusa. Ndinatola nkhwangwa n'kuitsitsa katatu, pa zigamba za bambo penipeni. Ndinausenza pamutu, msuzi ukutsikira m'khosi, ndipo kumanda ndinapeza anthu asanabalalike. Ndinauvundikira pambali pa kapu.

"Uwunso ndi wawo," ndinatero. "Palibe anaudandaula kuposa iwo."

Azakhali anakhala pansi pa dothi lofiira. Mkulu wa adzukulu anatambasula dzanja, koma linaima m'malere.

"Mwana uyu mutu wake si wabwino," anatero.

"Eya. Amalume ananena kalekale," ndinayankha.

Palibe anaukhudza.

Anthu anamwazikana dzuwa lisanapendeke, aliyense kuthamangira njira kukadaoneka. Madzulo m'nyumba munali zii. Katoni ya makalata inali pakona pomwe panali bokosi. Amayi anakhala moyang'ana khoma, ndipo patapita nthawi anafunsa, osandiyang'ana, kuti maliro akubwerawa tidzaphikira m'chiyani.

Mlongo wanga anali atagona pa mphasa, khanda lili maso pambali pake. Ndinagwada n'kulikweza kamlomo. Nkhama zinali zofiira, zosalala, zopanda mzere. Ndinayang'ananso kachiwiri, kuwala kusanathe. Podzuka m'pamene ndinazindikira kuti chala ndinayamba ndachipukuta pa malaya.