Khoma Lomwe Sindinalithirire

A Saidi, amisiri a ku Mpingwe, atamaliza kuwongola khoma lathu lakale ndi konkire, anandilangiza kuti, "Muzilithirira m'mawa ndi madzulo sabata yonse, achimwene."

Mipopi kwathu ku Chilobwe inali itauma. Ine munthu wa tayi, ndikaime pa mjigo ndi chigubu pakati pa azimayi? Ndinalithirira kamodzi kokha, ndi madzi otsukira mbale.

Litachita ming'alu, mkazi wanga anawaitanitsa a Saidi. Ndinayamba ndine kukalipa: "Munaba simenti inu!"

Iwo anakanda khomalo ndi chala, mchenga n'kuyoyoka. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kungoti, "Ndamva, achimwene." Analikonzanso, madzi akukatunga okha.

Mpaka lero mkazi wanga amachenjeza anzake akutchalitchi kuti a Saidi ndi akuba. Ine ndimakhala ndili pomwepo, n'kumavomera ndi mutu.