Chaka chimene ndinkathira mchere

Kachitini kaja ndikali nako. Kanabwera ndi atate kuchokera ku Walale muli jamu, ndipo jamuyo atatha amayi anayamba kusungiramo mchere. Chivundikiro chake chinachita dzimbiri kalekale. Ana anga ayesa kukataya kangapo, ine ndimakatola kudzala ndi kukabwezera pawindo.

Kwathu kunali kufupi ndi Madzimoyo, m'zaka za Chitaganya, tauni ya Chipata ikutchedwabe Foti Jemusoni. Atate anali atabwerera ku Walale, kumafamu a fodya, ndipo makalata awo anali atasiya kubwera. Pakhomo tinatsala awiri, amayi ndi ine. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili Sitandade 4.

Kwathuko mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Amaphika zonse, koma pofika pa mchere amaitana mwana wosatha msinkhu. Amati akathira yekha, wodya ndiwozo amadwala mdulo: chifuwa chosatha, kutupa miyendo, mwina imfa kumene. Ngakhale ife ovala kolona m'khosi lamulo limeneli sitinkaliphwanya. Kale amayi ankandiitana masiku anayi kapena asanu pamwezi. Chaka chimenecho, kuyambira pamene chimanga chinatulutsa ngayaye, ankandiitana tsiku lililonse.

"Iwe, bwera udzathire."

Aphunzitsi athu, mayi wamtali wochokera ku Nyasalande, anatipatsa makope nati tsiku lisadutse osalembamo mzere umodzi. Ine ndinkalemba ndi mtima wonse, zilembo zoongoka, mbendera ya sukulu nditaijambula pachikuto. "Lero ndathira mchere m'chigwada. Ndikadzakula ndidzakhala nesi." Tsamba lina: "Lero ndathiranso. Amayi akuti dzanja langa limadziwa muyezo." Ndinkanyada. Ndinkayesa kuti andikhulupirira ngati munthu wamkulu. Lero ndikatsegula kopelo ndimaona zimene ndinkalemba osadziwa: miyezi itatu yathunthu mayi akutaya magazi, mwana wake akuwerengera ngati mphoto.

Zizindikiro zinalipo. Zikhatho zawo zinayera ngati chinangwa chosenda. Ankaswa dothi la pachulu ndi kumatafuna, likulira m'mano. Kumunda ankalima mizere iwiri kenako n'kukhala pansi, ntchentche zikuzungulira chitenje chawo. Kutchalitchi analeka kupita poopa kusiya banga pabenchi. Nsalu zawo ndinkakachapa ndine kudambo, kuseri kwa mabango kumene amuna sadutsa, madzi n'kufiira ngati a dzimbiri, fungo lake n'kukhalira m'zala mpaka m'kalasi.

Anazindikira ndi aphunzitsi. Tsiku lina akuona makope anandiitana kutebulo, chala chili patsamba. "Mchere tsiku lililonse? Kuyambira liti?" Nditayankha analemba kalata yopita kwa amalume.

Amalume ndiwo anali mwini mbumba. Popanda mawu awo mlongo wawo sakanachoka pamudzi, ndipo njinga pabanja lonse inali yawo yokha. Chipatala cha amishoni chinali kutali koti munthu wofooka sakanafika wapansi. Amalume anawerenga kalatayo, naipinda bwinobwino.

"Za akazi izi. Tikatha kukumba nsawa ndidzamunyamula."

Lamulungu lililonse njinga yomweyo inkapita ku Kapata, kumisonkhano yokana Chitaganya. Pobwera amalume ankayankhula mpaka thovu kukamwa, kuti dziko silingalamulidwe ndi anthu osamva kulira kwa eni ake. Sindikana, pa za dziko ankanena zoona. Amayi ankamvetsera atatsamira khoma, akuvomera ndi mutu.

Mwezi wa Meyi amalume anabwera kudzakhala kwathu kuti atithandize kukolola, namadya za pakhomo pathu. Ine ndinalemba m'kope: "Kwatsala munda umodzi. Kenako amayi apita kuchipatala. Mulungu ndi wabwino."

Sabata imeneyo ndi imene ndinatha msinkhu. Zinandipeza panjira pochokera kusukulu. Ndinaima m'tchire ndikuchita mantha, osati chifukwa cha ululu ayi, koma chifukwa ndinkadziwa zotsatira zake. Akanandilowetsa m'nyumba kwa anamkungwi, ndipo potuluka kunali bambo wina wa ku Mwami, wosoka zovala, amene anali atafunsa kale za ine kwa amalume. Anzanga awiri amene analowa chaka chathacho sanabwererenso m'kalasi. Ndinang'amba kansanza, osauza munthu.

Dzuwa litapendeka, poto wa nkhwani wotendera ali pamoto, amayi anaitana monga mwa masiku onse. Ndinatenga kachitini. Ndikanakana, zonse zikanadziwika pomwepo. Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Thira, zikupserera." Ndinathira. Masiku asanu ndinathira, ndipo amalume ankadya, akunyambita zala. M'kope ndinalemba mawu atatu okha: "Ambuye mundikhululukire ine."

Patapita sabata amalume anayamba kutsokomola.

Anatsokomola masiku atatu, lachinayi mbumba yonse inasonkhana pansi pa mtengo wa mango. Amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi, anayenda kuchokera kumudzi kwa amuna awo m'mamawa kusanache bwino. Mpaka lero zimenezi zimandiwawa. Mkazi anataya magazi kuyambira chimanga chili chiwisi mpaka chili m'nkhokwe, palibe amene anayala mphasa kuti akambirane. Mwamuna anatsokomola masiku atatu, anthu anasiya minda.

Funso linali limodzi: ndani wakhala akuthira mchere? Onse ankadziwa kuti ndine. Amayi aakulu anandiyang'ana pachifuwa, nagwedeza mutu.

"Kamwanaka kakula aka. Tiye kuseri kwa nyumba, ndikakufunse bwino."

Ndisananyamuke, amayi anayankhula ali pakhoma pawo paja, mawu ang'onoang'ono koma omveka.

"Musiyeni mwana. Ndinathira ndine. Anachedwa kusukulu, ndiwo zinali kupsa."

Amalume anaimirira, dzanja lili pachifuwa. "Mlongo wanga, ndasiya munda wanga kudzakukumbira nsawa, iwe n'kumafuna kundidula?" Amayi anangoyang'ana zala zawo. Tsiku lomwelo amalume anamanga katundu panjinga, ndipo potuluka pabwalo ananena mawu amene mudzi wonse unamva: "Njinga yanga sinyamula munthu wofuna moyo wanga."

Amayi aakulu anasamutsira amayi m'kanyumba kophikira, nawapatsa mbale yawoyawo ndi chikho chawochawo. Akazi a pamudzi akamadutsa ankapatsa moni ali kumsewu. Chifuwa cha amalume chinatha chokha pasanathe milungu iwiri. Linali fumbi la makoko a nsawa ndi fodya wawo wopichira. Anakhala ndi moyo mpaka kuona mbendera yatsopano, mpaka kuona zidzukulu za ana awo.

Juni anafika ndi mphepo yake yolowa m'mafupa. Ndinaphunzira kutembenuza munthu wamkulu ndekha, kumusambitsa ali gone, kumumwetsa phala ndi supuni pang'onopang'ono kuti asatsamwe. Thupi lawo linapepuka ngati mtolo wa mapesi. Mphasa ndinkayanika padenga la nkhokwe, agalu akuinunkhiza. M'mawa uliwonse ndinkafuna kujomba, koma akamva chitsulo cha kusukulu chikulira patali ankandikankha ndi chigongono. "Nyamuka. Ine sindithawa." Ndinkawasiya ndi chikho cha madzi pafupi ndi mutu, chitseko chili chotsekera nkhuku. Tsiku lina ndinawapeza atakwawira pakhomo kutsata dzuwa, atalephera kubwerera.

Mu Julaye aphunzitsi anapempha ngolo kwa bambo wina wa mumpingo. Tinanyamuka m'mawa, tinafika dzuwa lili paliwombo, amayi akubuula pa bampu lililonse. Sisitere wa kuchipatala anawatsegula chikope, naona m'kati moyera mbuu, nandifunsa ine, chifukwa panalibe wamkulu wina woti amufunse: "Munali kuti masiku onsewa?" Amayi anamwalira tsiku lachinayi.

Pamaliro amalume analira kwambiri, ndipo anthu anawagwira mapewa. Aphunzitsi ananditenga kukakhala kwawo, pambuyo pake anandipezera malo kusukulu yogonera. Ndinafika kusekondale. Unesi sindinauthe, fungo la m'wodi linkandibwezera kudambo kuja. Ndinakhala mphunzitsi.

Pomanga katundu wopita kwa aphunzitsi, pansi pa bokosi langa la mabuku ndinapeza tinsalu tisanu ndi kamodzi, topinda bwino, topendera m'mbali ndi ulusi wakuda. Tinali todula ku chitenje chawo cha kutchalitchi, cha maluwa obiriwira, chimene ankachisunga kuti adzavale atate akadzabwera. Msoko wake unali wokhotakhota, wa dzanja lonjenjemera. Ndinakwiya. Ndinati matenda anawasokoneza mutu mpaka kuwononga nsalu yabwino chotere.

Sindinalumikize zinthuzi. Sindinadzifunse kuti munthu wogona pamphasa tsiku lonse, woona nsanza iliyonse yoyanikidwa, angalephere bwanji kudziwa za mwana wake. Sindinadzifunse chifukwa chimene anandiyang'anira nthawi yaitali tsiku lija asananene kuti thira, kapena ngati pansi pa mango paja ankadziwa kuti mawu awo akuthamangitsa njinga. Patsamba la tsiku la msonkhanowo, ndi zilembo zanga zoongoka zija, palembedwa chonchi:

"Lero amayi anama pamaso pa akuluakulu. Kunama ndi tchimo. Ndiziwapempherera kuti Mulungu asawalange."