Achemwali Anakavota Maliro Ali Panjira

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pakapeti. Tinali titachezera m'nyumba ya achemwali anga ku Springfield, kuno kutsidya kwa nyanja, amayi a mvano akuyimba monong'ona kuopa kuti aneba angaitane apolisi. Maliro oyimba chonong'ona ine sindinawazolowerebe. Kugalaji moto wa gasi unali utayaka kale, mpunga ndi nyemba zili pamoto, ophika atavala majekete pamwamba pa zitenje. Kunja kunkawaza kamvula kozizira ka Novembala.

Omwalirawo anali alamu anga, amuna a achemwaliwo. Koma munthu wokonda ndale ameneyo! Akaweruka kuntchito yosamalira okalamba, ankakhala pa wailesi ya kanema n'kumakalipira anthu osawamva. Chinkawapweteka kwambiri ndi nkhani yosuntha malire a madera ovotera. Ankati kuno andale amajambula okha mapu kuti adzisankhire anthu owavotera. Komatu iwo sanavotepo kuno. Unzika wa achemwali unatuluka, wawo n'kuchedwa. Ali m'chipatala anagwira dzanja la akazi awo n'kunena kuti voti ya achemwaliwo ndi ya anthu awiri, asadzaitaye. Ndinalipo, ndinamva ndi makutu angawa.

Tsiku loika maliro linagwa pa Lachiwiri la chisankho. Palibe anachita dala. Ndi tsiku limene a kumanda ku Laurel anatipatsa, chakumadzulo, komwe alongo awo a malemu anapeza malo. Ndi chisoni chija, za chisankho tinaziiwaliratu.

Kutacha anthu anayamba kufika, a ku Annandale, a ku Maryland, anzathu a ku Zambia, ena akadali m'yunifolomu ya usiku. Magalimoto anadzaza msewu wonse. Titafika kutchalitchi kumene timabwereka popemphera, tinapeza zachilendo. Pakapinga panali zikwangwani za andale, ndipo kuholo yam'mbali, komwe a mumsewu wathu ankavotera kale, kunali mzere wa anthu ovota. Bokosi likulowa khomo ili, ovota akulowa khomo ilo. Abambo ena achikulire pamzerepo anavula chipewa.

Mapemphero anayenda bwino. Zinavuta potuluka. Bokosi litakwezedwa m'galimoto, achemwali, omwe amayi awiri anawagwirizira uku ndi uku monga timachitira ndi namfedwa, anangopulumuka m'manja mwawo n'kulunjika kumzere uja. Mayi osadya masiku, maso otupa, duku lakuda kumutu. Nyimbo inadukira pakati.

"Alamu, mutu ukuyenda bwino? Amuna anu ali m'bokosi umu!" anakuwa alongo a malemu.

"Ndi omwewo andituma," anayankha achemwali osacheuka.

Ndinawathamangira. Ovota anatipatsa njira, tinafika pathebulo msanga. Mayi wa pamenepo anafufuza dzina, n'kutiuza mwaulemu kuti msewu wathu anauika m'dera lina, tikavotere kusukulu ina kutsidya kwa msewu waukulu. Zomwe alamu ankakalipira zija zinatipeza pamaliro awo omwe.

Ndinawachonderera kuti tiike kaye maliro. Koma tonse tinkadziwa kuti kuchoka ku Laurel madzulo, ndi kuthithikana kwa magalimoto kuja, tikanapeza atatseka.

"Maliro atsogole, tiwapeza," anatero. "Angaike bwanji munthu mkazi wake palibe?"

Nanenso ndinaganiza chimodzimodzi. Kwathu adzukulu amadikira ngakhale dzuwa lilowe. Ndinauza abusa, ndinaliza galimoto, tinapita.

Kusukuluko mzere unali wokhotakhota mpaka panja, ndipo kumeneko kunalibe woona bokosi kuti atimvere chisoni. Tinaima pamvula. Foni yanga inkangonjenjemera m'thumba, ine ndikuyankha kuti tikubwera, tikubwera. Kuvota kwenikweniko sikunatenge nthawi, ngati kusamba m'manja. Achemwali anatuluka n'kukhala pampando wakumbuyo m'galimoto. Pamsewu waukulu magalimoto anali atangoti ndi, osasuntha. Ndinayamba kutukwana mumtima, kutukwana andale, mapu awo, ndi ine ndemwe.

Titalowa kumanda, anthu anali akubwerera kumagalimoto awo. Tenti anali atachotsa kale. Kathirakitala kakang'ono kankasalaza dothi lofiira, mnyamata woyendetsa ali ndi zomvera nyimbo m'makutu. Mayo ine! Abusa anatiuza kuti anapempha, anachonderera, koma ogwira ntchito anati nthawi yawo yoweruka yakwana. Achemwali sanalire. Anangoima pamenepo kukamwa kuli yasa, kadothi kamene anayenera kuponya kalibe polowera. Alongo a malemu anadutsa pafupi nafe n'kunena mawu amodzi okha, kuti mchimwene wawo waikidwa ngati mbeta yachimuna yopanda mwini.

Kwathu nyumba ya maliro imadzaza masiku angapo. Madzulo amenewo akuchimuna sanabwere, ndipo ambiri anawatsatira ku Laurel. Amayi a mvano ochepa anatsuka mapoto, anapemphera mwachidule n'kumapita, ena kuntchito ya usiku. Chakudya chinatsala chambirimbiri. Ndinazimitsa magetsi a kugalaji, ndinapinda mabulangete, n'kukhala pansi pafupi ndi achemwali. M'nyumba munkangomveka firiji. Sindinadziwe ngati ndiwadzudzule kapena ndiwapepese, mpaka pano sindikudziwa.

Patapita nthawi anandigwira bondo.

"Iwe, pomutsitsa paja anamuyimbira nyimbo yanji?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe. Koma nanenso pomutsitsapo panalibe.