Eriyo ya galimoto ya adadi yakonzeka

Mwaswera bwanji nonse.

Lero ndinapita ndi amayi ku Limbe kukakonzetsa eriyo ya galimoto ya malemu adadi, ija inakanirira m'mwamba chimwalirireni iwo. Amakaniko, a Saidi, anapeza kuti kachingwe kamene kamaikoka kanaduka. Anaikamo katsopano, n'kulumikizanso mawaya a wailesi.

Abale inu, nditangoyatsa wailesi, eriyo inakwera yokha pang'onopang'ono, kenako kunamveka kwaya. Siteshoni yake yomwe ija adadi ankamvera tikamapita kutchalitchi! Amayi anandigwira dzanja, amvekere, "Usazimitse, mwanawe." A Saidi nawo anangoika sipanala pansi, n'kumvetsera mpaka nyimbo kutha. Nditazimitsa, eriyo inalowa yokha bwinobwino.

Tsono munthu wofuna kugula galimotoyi akubwera mawa, koma amayi atenga makiyi, awamangirira ku chitenje. Inu mukuti bwanji, tigulitsebe?