Kakapu ka kwa Mayi Woluka Tsitsi

Kusukulu yogonera komweko kumene anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu, dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale. Ana, aphunzitsi, ngakhale ahedi amene, onse ankangoti Mayi Chipande. Anali mkulu wa ophika, ndipo akakugawira chakudya mbale inkafuna manja awiri. Mwana wowonda kwa iwo chinali chipongwe. Ankamuwonjezera china n'kumuimirira pamutu mpaka amalize. Atapuma pa ntchito, kaphikidwe ka anthu mazana atatu anabwera nako kunyumba, pomwe pakhomo panali patatsala anthu awiri okha, iwo ndi amuna awo.

Amuna awowo anali telala, munthu wofatsa koma wanthabwala, amene ankasoka m'kachipinda kena kuseri kwa msika. M'kachipinda koyandikana nako munali mayi wina wamasiye woluka tsitsi. Mayi ameneyu Mayi Chipande sankafuna n'kumuona komwe. Tinene zoona, umboni analibe. Mlandu wa mayiyo unali wakuti ankaseka kwambiri nthabwala za atelala, zomwe kunyumba zinasiya kale kuseketsa munthu, ndiponso ankawaitana kuti alamu pomwe panalibe chibale chilichonse.

Chaka chimene atelala anapezeka ndi khansa ya m'matumbo, kuchipatala anawauza kuti azilandira mankhwala a m'diripi pakatha milungu itatu iliyonse. Asanawalase singano ankayamba awakweza pa sikelo. Tsiku loyamba namwino anawakokera pambali Mayi Chipande.

"Mayi, bambowa akatsika pansi pa makilo makumi asanu, adokotala aimitsa kaye mankhwala, chifukwa thupi silingapirire. Adyetseni zonenepetsa, pang'onopang'ono koma pafupipafupi."

"Mwanawe," anatero Mayi Chipande, "ukufuna kundiphunzitsa ine kudyetsa munthu?"

Pa mawu onse a namwino aja, iwo anatolapo amodzi okha, akuti adyetseni. Anayatsa moto. Nyama yokazinga ndi anyezi, nkhuku yosambira m'mafuta, mpunga wodzaza mbale mpaka kugwera patebulo, zonse zili fuu nthunzi. Akatero ankakhala moyang'anizana ndi amuna awo atapinda manja, kuwerenga masupuni. Atelala ankadya awiri, mwina atatu, kenako nseru inkawadzutsa n'kuthamangira kuseri kwa nyumba.

"Amayi, musandikwiyire," ankatero pobwerako. "Chakudya chonse chikumveka chitsulo m'kamwa."

"Chitsulo? Zaka zonsezi ndakhala ndikukudyetsani chitsulo?"

Sikelo inatsika: makilo makumi asanu ndi asanu ndi imodzi, kenako ndi anayi, kenako ndi awiri. Atelala anachepetsa okha thalauza lawo kawiri konse osauza munthu. Masiku amene ankapezako bwino ankaumirira zopita kushopu, ati kungokhala kunyumba kukuwadwalitsa kuposa khansayo.

Tsiku lina pochapa, Mayi Chipande anatembenuza thalauza lija, ndipo anangoti kakasi. Msoko wakumbuyo unali utamasulidwa. Mzere wa timabowo ta ulusi wakale unkaoneka bwinobwino, ulusi watsopano uli chapatali ndi chala chimodzi. Mkazi wa telala sasowa womumasulira zimenezi. Munthu amene mbale zake zikubwerera kukhitchini zili zodzaza, akukulitsa thalauza! Ndiye kuti pali wina akumudyetsa. Mtima unawawawa zedi, ndipo pamene sikelo ya ulendo wotsatira inaonetsa kuti akwera ndi kilo imodzi ndi theka, Mayi Chipande anamwetulira ndi mano okha.

M'mawa mwake anawatsatira chapatali mpaka kushopu, n'kubisala kuseri kwa mulu wa makatoni. Atelala anali pa makina akusoka siketi ya mwana wasukulu. Posakhalitsa mayi woluka tsitsi anatulukira ndi kakapu kakang'ono ngati komwetsera mwana, muli kasupuni ka pulasitiki. Anangokaika pambali pa makina n'kubwerera kwa kasitomala wake. Atelala ankati akasoka pang'ono, n'kunyambita supuni, maso ali pa nsalu. Kakapu kanatha, ndipo anakokota ndi pansi pomwe.

Kukokotako n'kumene kunawamaliza Mayi Chipande. Analowa ngati mphepo.

"Ndiye khitchini yanu ili kuno, eti? Ine kupsa manja ndi mafuta tsiku ndi tsiku, inu mukudzanyambita tizakudya ta makanda kwa akazi a eni!"

"Amayi, anthu akuona," anatero atelala chapansipansi.

"Aone! Tsekani shopuyi. Mudya za mkazi wanu."

Mayi woluka tsitsi anaima pakhomo pake chipeso chili m'manja, kenako analowa kukapitiriza ntchito yake. Zimenezi zinawapsetsa mtima Mayi Chipande koposa.

Milungu itatu yotsatira atelala sanatuluke pageti. Mayi Chipande anaphika ngati kukubwera alendo, ndipo nyumba yonse mpaka makatani inanunkha zokazinga. Anachonderera, anakalipa, tsiku lina analira ndithu. Atelala ankayesetsa kuti awasangalatse, koma zonse zinkabwerera. Tsiku la kuchipatala sikelo inaima pa makilo makumi anayi ndi asanu ndi anayi. Adokotala anapukusa mutu n'kunena kuti mankhwala adikire kaye, abwerenso pakatha milungu iwiri. Pobwerera atelala sanadandaule ngakhale pang'ono. Anangopempha kupuma katatu pa kamtunda kochokera pa siteji ya basi kufika kunyumba, ndipo Mayi Chipande anachita mantha amene sanachitepo chibadwire.

Kutacha anavala bwino, poti kwa mdani supita utavala zakukhitchini, n'kupita kuseri kwa msika. Anapeza mayi uja akuluka mutu wa mtsikana wina.

"Mumawapatsa chiyani amuna anga?" anafunsa osapereka ndi moni yemwe.

"Khalani pansi, achemwali," anatero mayiyo zala zikugwirabe ntchito. "Palibe chachilendo. Mkaka, n'kuthiramo wina wa ufa kuti ulemere. Peyala, nthochi yakupsa, supuni ya chiponde. Tsiku lina dzira lowiritsa lonyenya ndi majarini. Ndimayamba ndaika m'furiji, chifukwa chozizira sichinunkha. Supuni ikhale ya pulasitiki, yachitsulo imawononga m'kamwa. Kakapu kamodzi pakatha maola awiri alionse. Ndipo mukawapatsa musawayang'ane."

"Munazidziwira kuti zimenezi?"

"Pa malemu amuna anga. Kungoti ine ndinazidziwa mochedwa, atatsala mafupa okhaokha."

Mayi Chipande anayesa kunyumba, osaphonya kanthu. Anagula ngakhale timasupuni ta pulasitiki. Koma kuika chakudya n'kuchokapo kunawakanika. Ankafika pakhomo la khitchini n'kusuzumira, kenako pakamwa pankangotseguka pokha: "Mwamaliza, abambo?" Atelala akamva zimenezo supuni inkaima, kakapu n'kutsala theka. Patatha masiku atatu anazindikira kuti milungu iwiri ija ikutha iwo akulimbana ndi khalidwe lawo.

Ndiye anachita chinthu chimene mpaka lero sakonda kuchikamba. M'mawa uliwonse ankasankha mapeyala ofewa bwino, n'kulongedza mkaka, nthochi ndi mazira m'kachikwama, n'kuperekeza amuna awo kushopu. Kachikwamako ankakapereka m'manja mwa mayi woluka tsitsi, iwo n'kubwerera kukadya okha pa tebulo la mipando isanu ndi umodzi. Nsanje sinathe ayi. Inkawadya njira yonse, ndipo ankafika kunyumba atamupezera mayiyo zifukwa khumi, kuyambira kayendedwe mpaka kamangidwe ka duku. Koma m'mawa mwake ankanyamulanso kachikwama.

Pa tsiku lake sikelo inaonetsa makilo makumi asanu ndi imodzi, ndipo atelala anawalumikiza diripi. Namwino uja anasangalala kwambiri, mpaka anabwera ndi mayi wina wachitsikana amene mwamuna wake anali atangoyamba kumene mankhwala.

"Mayi Chipande, auzeniko anzanuwa mmene mwachitira."

Anafotokoza zonse mwadongosolo ngati akulangiza wophika watsopano: mkaka wa ufa, peyala, furiji, supuni ya pulasitiki, maola awiri. Mtsikanayo ankalemba pa foni yake.

"Chomaliza," anatero Mayi Chipande, "ukamupatsa usamuyang'ane."

"Koma inu munatha bwanji, mayi? Ine mtima sungandilole."

Mayi Chipande anatembenukira kwa amuna awo, amene anali atatsinzina pa mpando, dzanja lili ndi singano.

"Sindinathe, mwananga," anatero. "Amandidyetsera ndi munthu wina."